Kukweza pikiapu si kuisandutsa lole

Aliyense wochita geni pa msika wa Limbe, Ndirande kapena Wakawaka amazidziwa galimotozi: mapikiapu otukuka kumbuyo ngati tambala wofuna ndewu, amene amafika m'bandakucha atasenza mbatata ya kachewere ya ku Tsangano ndi madengu a matimati a ku Bembeke, eni katundu ali pamwamba penipeni. Madalaivala amazinyadira kuti n'zokwezedwa, ndipo mtengo wa hayala amaukwezanso chimodzimodzi.

Ine ndilibe nazo mangawa. Amene anayendapo m'misewu yafumbi ya ku Ntcheu ndi Dedza m'dzinja akudziwa kuti galimoto yotsika imakhala pamimba m'matope, matimati n'kuolera panjira. Kukweza galimoto kuli ndi phindu lake. Koma m'kuyenda kwanga m'magalaja a m'makwalala ndaona kuti ambiri amakweza thupi la galimoto n'kuiwala zina zonse zili pansipo, ndipo apa ndi pamene pagona moyo wanu ndi mpamba wanu.

Nkhani yake imayambira pa masipuling'i. Toyota Hilux, imene inayamba kupangidwa m'chaka cha 1968, kumbuyo kwake imakhalira pa zitsulo zaphanthiphanthi zosanjikizana. Makaniko amamasula mtolowo, n'kuonjezerapo zitsulo ziwiri kapena zitatu, nthawi zina zochotsa ku galimoto ina yakufa. Pikiapu ija imatukuka, ndipo ngakhale muiunjikire katundu siiwerama.

Bodza lagona pomwepo. Pikiapu yamtunduwu inapangidwa kuti izinyamula pafupifupi tani imodzi. Amenewo ndi matumba 20 a makilogalamu 50, musanawerengere anthu okwera. Kuonjezera masipuling'i sikusintha mabuleki, sikusintha ekiselo, sikusintha chasisi. Chomwe chasintha n'chakuti galimoto yasiya kudandaula. Kale ikalemedwa inkakhala pansi aliyense n'kuona. Tsopano imaima chilili ngati msilikali, pomwe mabeyaling'i akumbuyo akupsa mwakachetechete.

Pali kachipangizo kena kamene madalaivala ambiri sakadziwa n'komwe. Pa ma Hilux akale, pansi chakumbuyo, pali kavalavu ka mabuleki komangiriridwa ku chasisi, kokhala ndi kandodo kachitsulo kopita ku ekiselo. Galimoto ikalemedwa n'kutsika, kandodoko kamakankha valavu kuti mabuleki akumbuyo agwire mwamphamvu. Ikakhala yopanda katundu, mphamvuyo imachepetsedwa kuti matayala asakhwekhwerezeke. Tsono mukakweza galimoto osakonza kandodoko, valavu ija imangoyesa kuti galimoto ili yopanda kanthu, chonsecho yasenza matumba 30. Ntchito yonse imagwera mabuleki akutsogolo, amene amatentha n'kuleka kugwira. Taganizani zimenezi zikuchitikireni mukutsika phiri la ku Chikwawa, kapena pa Khwekhwerere potsikira ku Golomoti! Mankhwala ake ndi otchipa: pomwe pamangiriridwa kandodoko pa ekiselo pakwezedwe ndi muyezo womwewo umene galimoto yakwezedwa.

Mapaipi a labala a mabuleki nawo amafuna aatali. Akale aja amakokeka gudumu likagwera m'dzenje, ndipo tsiku lina amangothetheka, mafuta a mabuleki n'kutayikira pansi. Mashokabu chimodzimodzi: aafupi amatha msanga, mwinanso kuzuka kumene.

Nanga matayala? Ambiri akakweza galimoto amathamangira matayala akuluakulu a kaunjika. Tayala lalikulu limanamiza wotchi ya liwiro: ngati lakula ndi gawo limodzi mwa magawo 10, wotchi ikamati 80 ndiye kuti mukuthamanga 88. Limalemetsanso mabuleki ndi kilatchi. Chofunika pa tayala si kukula, koma nambala zolembedwa m'mbali mwake. Mwachitsanzo, tayala la 195R14C lolembedwa 106 limaloledwa kusenza makilogalamu 950, litapopedwa mokwanira. Tayala la galimoto yaing'ono, ngakhale lioneke lonenepa bwanji, silinapangidwire katundu wotere. Likaphulika pa Zalewa dzuwa lili paliwombo, musadzati kuli mfiti.

Choopsa kuposa zonse ndi kugubuduzika. Dengu mukalisenza pamutu, mukapunthwa pang'ono limagwa. Mukaligwira m'manja chapansi silivuta. Galimoto ndi chimodzimodzi. Ikakwera m'mwamba, katundu naye n'kuunjikidwa mpaka kupitirira denga, pakona imapendekeka msanga. Pamenepo dalaivala akangodzidzimuka ndi njinga ya makala n'kukhotetsa mwadzidzidzi, basi zatha. Paja akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. N'chifukwa chake matumba olemera ayenera kukhala pansi ndiponso kufupi ndi kwa dalaivala, zopepuka pamwamba.

Kwa inu eni galimoto, kusamala pikiapu yokwezedwa sikulira ndalama zambiri, kumalira khama. Mabawuti okhota aja amene amamanga masipuling'i ku ekiselo, amakaniko amati ma U-bolt, mugule atsopano pokweza, ndipo mukayenda maulendo angapo mukawamangitsenso chifukwa amakhwefuka. Akakhwefuka, bawuti wapakati pa masipuling'i amaduka, ekiselo n'kusuntha, galimoto n'kumayenda chammbali ngati nkhanu. Chitsulo chozungulira chochokera ku giyabokosi kupita ku difu chimagwira ntchito chopendekeka kwambiri galimoto ikakwezedwa, choncho mfundo zake zimafuna girizi pafupipafupi, makamaka mukaoloka madzi. Mukamva kunjenjemera pansi pa mpando, musadikire kuti chigwe. Mabushi a masipuling'i muziwayang'ana, ndipo chitsulo cha sipuling'i chikathyoka musaotcherere, chifukwa moto umachifooketsa, gulani china. Nyali nazo zikonzedwe: kumbuyo kukatukuka zimaloza pansi, kutsogolo kukakwera zimathobwa anzanu m'maso.

Amene ntchito yake ndi ya kumidzi chaka chonse, ndalama zikamulola, aganizire za galimoto yobadwa kale yaitali monga Land Cruiser ya mtundu wa 70, imene inayamba kutuluka m'chaka cha 1984. Amene vuto lake ndi kuchuluka kwa katundu, yankho ndi lole ya matani awiri kapena atatu, ngati Toyota Dyna kapena Mitsubishi Canter, osati kuzunza pikiapu.

Ndipo inu amayi ndi abambo a geni, amene mumalipira hayala, muli ndi mphamvu kuposa mmene mumaganizira. Musanakweze katundu, zungulirani galimotoyo. Onani ngati matayala ali ndi mano, suzumirani pansi ngati pakudontha mafuta kuseri kwa magudumu, yang'anani pagalasi ngati pepala la COF ndi la inshuwalansi sanathe masiku. Werengani matumba. Dalaivala akamati ikwana chifukwa ndi yokwezedwa, mufunseni ngati anakwezanso mabuleki.

Kusonkherana anthu anayi kuti mupeze lole kungaoneke kodula lero. Koma matimati akamwazikira m'phompho palibe amene amabweza mpamba, ngongole ya banki mkhonde imakhala ikudikirabe, ndipo ana kunyumba amafuna mayi wawo abwerere wamoyo.