Dzino Lodyeka M'mphepete mwa Nkhama Lingathe Kumatidwa

Anthu ambiri amafika ku chipatala atagwira tsaya, napempha kuti awazule dzino. Koma si dzino lililonse lopweteka limene liyenera kuzulidwa, ndipo la munthu wamkulu likachoka silimeranso.

Pamwamba pa dzino pali chikuto choyera cholimba kwambiri. Chikutochi chimapyapyala pofika m'khosi mwa dzino, pamene dzino limakumana ndi nkhama, ndipo muzu ulibe chikutochi. Nkhama zikatsika, malowa amakhala pamtunda, nayamba kudyeka msanga. Zimene zimadya malowa ndi izi: kutsuka mano mwamphamvu ndi mswachi wolimba, kukwecha mano ndi phulusa, makala kapena mchenga, zakumwa zowawasa, ndiponso shuga wotsalira m'kamwa amene amaoletsa mano. Chizindikiro choyamba ndi kuyayamira kwa dzino pomwa madzi ozizira. Pambuyo pake pamaoneka kamphako ngati pamene patemedwa ndi nkhwangwa.

Kamphako kotere dotolo wa mano angathe kukamata ndi mankhwala ofanana mtundu ndi dzino. Alipo a mitundu iwiri. Oyamba ndi glass ionomer, amene anapangidwa ndi Alan Wilson ndi Brian Kent ku London, nadziwika mu 1972. Amagwirana okha ndi dzino, ndipo amatulutsa pang'onopang'ono fluoride, mchere umene umalimbitsa mano. Mu 2021 Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri. Achiwiri ndi composite. Awa amaoneka bwino koposa pa mano akutsogolo, koma amafuna kuti malowo akhale ouma, opanda malovu kapena magazi, ndipo amalimbitsidwa ndi kuwala kwa kanyali kapadera.

Dotolo amachotsa poola, natsuka kamphakoko, namata, kenaka nasalaza kuti chakudya chisamakodwepo. Kawirikawiri ntchitoyi imatha tsiku lomwelo.

Chofunika ndi kufika msanga. Kuola kukalowa mpaka mu mtsempha wa dzino, kumata kokha sikuthandizanso. Tsono dzino likayamba kuyayamira, musadikire kuti tsaya litupe. Funsani ku chipatala chanu chaching'ono kuti akuuzeni kumene kuli dotolo wa mano. Mukamatidwa, tsukani mano kawiri pa tsiku ndi mswachi wofewa ndi mankhwala okhala ndi fluoride. Tsukani mofatsa, pakuti dzino lomata nalonso limaola likapanda kusamalidwa.