Mankhwala Ambiri m'Piritsi Limodzi

Mvula ikayamba ku Chipera, m'boma la Maravia, udzudzu umaculuka. Ana ambiri amadwala malungo. Ku cipatala anamwino amayamba ayeza magazi. Akapeza malungo, amapereka mapiritsi a Coartem. Dziko la Mozambique linasankha mankhwala amenewa mu 2009.

M'piritsi limodzi la Coartem muli mankhwala awiri. Oyamba amapha tizirombo msanga, koma sakhalitsa m'thupi. Aciwiri amakhala masiku ambiri ndipo amamaliza tizirombo totsala. Awiriwa amathandizana. Mwana amamwa kawiri pa tsiku, kwa masiku 3.

Koma si mankhwala onse osakaniza amene amathandizana cotere. Ena opanga mankhwala amangowaphatikiza kuti malonda ayende. M'botolo limodzi la mankhwala a cimfine mungathe kukhala mitundu itatu kapena inayi. Mwana wotentha thupi afuna mtundu umodzi wokha. Enawo amalowa m'thupi popanda nchito yake. Ena amamugonetsa tulo tambiri. Ena amathamangitsa mtima.

Pali ngozi ina yobisika. Mankhwala ambiri a cimfine ali kale ndi parasetamo. Mayi wosadziwa amapatsa mwana mankhwala a cimfine, kenaka amupatsanso piritsi la parasetamo. Mwanayo wamwa kawiri mankhwala amodzi omwewo. Parasetamo akaculuka amawononga ciwindi. Mayiyo sanalakwe dala, pakuti zilembo za pa botolo n'zazing'ono, ndiponso za cilankhulo cacilendo.

Mwana akatuluka zidzolo atamwa mankhwala osakaniza, namwino amavutika. Kodi ayambitsa ndi ati mwa anayiwo? Sangathe kucotsa amodzi n'kusiya enawo, cifukwa onse ali pamodzi.

Ku India, kumene kumacokera mankhwala ambiri a mu Africa, boma linaletsa mitundu 344 ya mankhwala osakaniza mu 2016. Mu 2023 linaletsanso kupatsa ana osafika zaka 4 mankhwala ena osakaniza a cimfine.

Mapiritsi a pa msika, ogulitsidwa m'kapepala kopanda dzina, ndiwo oopsa koposa. Palibe adziwa za m'kati mwake.

Mwana akamwa mankhwala n'kutupa milomo, kutuluka matuza, kupuma movutika kapena maso kucita cikasu, makolo asamumwetsenso. Apite naye ku cipatala tsiku lomwelo. Atenge ndi botolo kapena pepala la mankhwalawo, kuti anamwino awerenge.