Mkangano wa malo oimika galimoto unathera kumanda ndi kundende: kodi kudziteteza kumalekezera pati?

Pa 19 July 2018, mumzinda wa Clearwater m'chigawo cha Florida ku America, banja lina linaima pa kagolosale kotchedwa Circle A kuti ligule tinthu pang'ono. Bambo wa banjalo, Markeis McGlockton wa zaka 28, analowa m'golosalemo ndi mwana wake wa zaka 5. Mayi wa anawo anatsala m'galimoto ndi ana awiri aang'ono. Galimotoyo anaiimika pamalo osungidwira anthu aulumali, pomwe iwo analibe chilolezo choimikapo.

Kenaka kunabwera bambo wina, Michael Drejka wa zaka 47, n'kuyamba kukalipira mayi uja chifukwa cha malowo. McGlockton atamva kuti panja pavuta, anatuluka n'kumukankha Drejka mwamphamvu mpaka kugwa chagada. Ali pansi pomwepo, Drejka anasolola mfuti yomwe anali ndi chilolezo choyenda nayo. McGlockton ataiona anayamba kubwerera m'mbuyo. Patangodutsa masekondi ochepa, mfuti inalira kamodzi. McGlockton anathawira m'golosale muja atagwira pachifuwa, n'kugwa mwana wake akuona. Sanadzukenso.

Zonsezi zinajambulidwa ndi kamera ya pagolosaleyo. Ndaonera kanemayo kangapo, ndipo chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti ndi wamfupi kwabasi. Zonse zinatha mwina musanamalize kuwerenga ndime ino. Koma funso limene anasiya linavutitsa apolisi, maloya ndi makhoti kwa nthawi yoposa chaka: munthu wakukankha mpaka wagwa, kodi uli ndi ufulu womupha?

Apolisi anati palibe mlandu

Poyamba Drejka sanamangidwe. Mkulu wa apolisi m'dera la Pinellas, Sheriff Bob Gualtieri, anauza atolankhani kuti lamulo la Florida likumuteteza. Lamuloli, lomwe linakhazikitsidwa mu 2005, limadziwika ndi dzina loti Stand Your Ground. Mwachidule limati ngati uli pamalo pomwe uli ndi ufulu wopezekapo, ndipo sukuchita zophwanya lamulo, sukakamizidwa kuthawa kaye usanadziteteze. Ukhoza kugwiritsa ntchito mphamvu yakupha ngati ukukhulupirira, pazifukwa zomveka, kuti imfa kapena kuvulala koopsa zakufikira.

Anthu ambiri anakwiya ndipo anachita zionetsero. Nkhani ya khungu inalowamonso, poti Drejka ndi mzungu pomwe McGlockton anali wakuda. Pa 13 August 2018, ofesi ya oimira boma pamilandu itaunikanso umboni inamutsegulira Drejka mlandu wa manslaughter, womwe kuno timautcha kupha munthu mwangozi ngakhale kuti nthawi zambiri sipakhala ngozi yeniyeni. Mu August 2019, gulu la anthu wamba 6 lomwe kumeneko amalitcha jury linamupeza wolakwa, ndipo mu October chaka chomwecho khoti linamulamula kukakhala kundende zaka 20.

Ndiye chinasintha n'chiyani, poti lamulo linali lomwelo, kanema n'kukhalanso yemweyo? Yankho lili m'mafunso anayi omwe makhoti a m'maiko ambiri amafunsa munthu akati anapha podziteteza.

Kodi ngoziyo inali pomwepo?

Ili ndi funso lomwe linamugwetsa Drejka. Palibe anakana kuti anakankhidwa, ndipo kukankha munthu chonchija ndi mlandu pakokha. McGlockton akanakhala moyo, mwina akanayankha mlandu umenewo. Koma nthawi yomwe chala chimakoka mfuti, iye anali akubwerera m'mbuyo. Kukankha kunali kutachitika kale, ndipo sikunali kupitirira.

Lamulo limalola kuti uletse choopsa chomwe chikubwera kapena chomwe chikuchitika. Silikupatsa mphamvu yolanga munthu pa zomwe wachita kale, ngakhale zitachitika masekondi atatu apitawo. Ufulu wodziteteza umayamba ngozi ikayamba, ndipo umatha ngozi ikatha. Chotsalacho chimatchedwa kubwezera, ndipo kubwezera khoti silikuvomereza.

Kodi mphamvuyo inali yolingana ndi ngoziyo?

McGlockton analibe chida chilichonse m'manja. Izi pazokha sizitanthauza kuti sakanavulaza munthu, chifukwa zibakera ndi mateche zimapha, makamaka wina akagwa pansi mutu n'kumenya simenti. N'chifukwa chake makhoti amayang'ana zonse: msinkhu ndi mphamvu za anthu awiriwo, kuchuluka kwa oukirawo, chomwe anyamula, ndiponso ngati panali njira ina yosavuta. Oimira boma anati kungotulutsa mfuti kunali kutagwira kale ntchito yake, poti munthu uja anabwerera. Kuombera kunali kuonjeza.

Mpama sufanana ndi mpeni. Kutukwanidwa, ngakhale atakutukwanirani mayi anu pagulu, si chifukwa chotulutsira chikwanje. Zimawawa inde, koma lamulo limateteza moyo ndi thupi, osati ulemu wa mwamuna pamaso pa anzake.

Kodi mantha ako anali omveka?

Drejka anauza apolisi kuti ankaopa kuti McGlockton amubwereranso. N'kutheka kuti ankaopadi. Komabe ku Florida kuopa kokha sikukwanira. Funso limakhala lakuti munthu wina wanzeru zake, ali pamalo omwewo ndipo akuona zomwezo, akanaganizanso kuti watsala pang'ono kufa?

Apa mbiri ya munthu imatha kumutsata. Pamlanduwo, dalaivala wina wa thiraki anachitira umboni kuti miyezi ingapo m'mbuyomo Drejka anakangana nayenso pa malo omwewo oimika galimoto, mpaka kumuopseza kuti amuombera. Umboni wotere umasintha chithunzi. Munthu amene amaoneka ngati wongogweredwa tsoka amayamba kuoneka ngati woyenda ndi mfuti n'kumasakasaka mkangano.

Anayambitsa ndani?

Funso lachinayi limaoneka bwino pa nkhani ina ya ku America komweko. Pa 23 February 2020, pafupi ndi Brunswick m'chigawo cha Georgia, Ahmaud Arbery wa zaka 25 anali akuthamanga mumsewu pomwe Gregory McMichael ndi mwana wake Travis anayamba kumulondola pagalimoto atanyamula mfuti, ati pomuganizira kuti ndi wakuba. Mnansi wawo, William Bryan, anawatsatira pagalimoto ina akujambula pafoni. Atamutsekereza, Arbery analimbana ndi Travis yemwe anali ndi mfuti, ndipo anaomberedwa n'kufa.

Travis anati anadziteteza chifukwa Arbery amafuna kumulanda mfuti. Jury sinamve zimenezo. Mu November 2021 onse atatu anapezeka olakwa pa mlandu wakupha, ndipo anawalamula kukhala kundende moyo wawo wonse. Mfundo yake ndi yachidule: sungathamangitse munthu, kumupanikiza pakona ndi chida, kenaka iye akalimbana nawe n'kumati unadziteteza. Pamenepo wodziteteza ndi iyeyo.

Nanga bwanji ena amamasulidwa?

Wina afunsa za George Zimmerman, amene pa 26 February 2012 anaombera Trayvon Martin, mnyamata wa zaka 17 wopanda chida, mumzinda wa Sanford ku Florida komweko. Zimmerman anamutsatira mnyamatayo pomukayikira, awiriwo anamenyana, ndipo mu July 2013 jury inamupeza wosalakwa. Iye anati Martin anali pamwamba pake akumumenyetsa mutu pasimenti.

Kusiyana kwakukulu n'kwakuti panalibe kanema woonetsa m'mene ndewuyo inayambira, ndipo munthu yekhayo amene akanatsutsa nkhani ya Zimmerman anali atamwalira. Boma ndi lomwe limayenera kutsimikizira khoti mosasiya chikaiko kuti sikunali kudziteteza, ndipo jury inaona kuti chikaiko chilipo. Mpaka lero anthu ambiri amaona kuti chilungamo sichinayende. Ine ndimatolapo phunziro lowawa: kumasulidwa kukhoti sikutanthauza kuti unachita bwino, koma kuti umboni sunakwane. Ndipo kaya khoti ligamule bwanji, mwana wa eni ake ali m'manda.

Kwathu kuno zili bwanji?

Malawi alibe lamulo lotchedwa Stand Your Ground, ndipo mfuti sizipezeka m'matumba mwa anthu wamba ngati ku Florida. Koma mafunso aja ndi athu omwe. Penal Code yathu imati nkhani zoteteza munthu kapena katundu ziziweruzidwa potsata mfundo za common law ya ku England. Mfundozo zimalola mphamvu yoyenerera malinga ndi m'mene zinthu zinalili.

Mlandu wina wotchuka pa mfundozi ndi wa Palmer, wochokera ku Jamaica, womwe unagamulidwa ndi Privy Council ku London mu 1970. Oweruza anavomereza kuti munthu amene waukiridwa mwadzidzidzi sangakhale pansi n'kuyeza pasikelo mphamvu yeniyeni yofunika. Lamulo limamvetsa kuti mantha amasokoneza mutu. Koma anatinso ngozi ikadutsa, mphamvu iliyonse yogwiritsidwa ntchito pambuyo pake imakhala kubwezera kapena kulanga. Pa nkhani yothawa, common law sikakamiza munthu kuthawa nthawi zonse, koma khoti limayang'ana ngati panali mpata wochoka ndipo iwe sunaugwiritse ntchito.

Tikachotsa mfuti n'kuikapo botolo losweka, mpeni, njerwa kapena chikwanje, nkhani ya ku Clearwater ikhoza kuchitika pa depoti iliyonse, pabala, pampira kapena pamzere wa mafuta. Taganizirani: mwakangana ndi munthu, wakumenyani chibakera, anthu akuleretsani, iye watembenuka akupita. Inu mwatola njerwa n'kumugenda nayo kumutu. Kukhoti mudzanena kuti anayamba ndi iyeyo, ndipo zidzakhala zoona. Koma woweruza adzafunsa kuti pomwe njerwa imachoka m'manja mwanu, ngozi inali kuti? Dziwani kuti ngakhale mlandu utatsika kuchoka pa kupha mwadala kufika pa kupha mwangozi, chilango chake kuno chikhoza kufika pokhala kundende moyo wonse.

N'chimodzimodzinso ndi wakuba amene wagwidwa pamsika. Munthu amene ali pansi, wazunguliridwa ndi khamu, sakuopseza moyo wa aliyense. Amene amamumenya mpaka kufa sakudziteteza, ndipo kuchuluka kwawo sikufafaniza mlandu wa aliyense payekha.

Zoti tikambirane pakhomo

Ambiri a ife anyamata tinakula tikumva kuti mwamuna sathawa ndewu, kuti wina akakumenya umubwezere kuti asakuzolowere. Makolo amanena izi pofuna kuti mwana asakhale wopezereredwa, ndipo ndikuwamvetsa. Koma mwana yemweyo akafika zaka 20, ali ndi mphamvu za munthu wamkulu komanso mwina mowa m'mutu, malangizo aja amatha kumufikitsa ku Maula kapena ku Chichiri.

Chomwe ndikanakonda kuti tiziwauza ana, aamuna ndi aakazi omwe, n'chakuti kudziteteza ndi ufulu weniweni. Munthu akakuukira ndi mpeni ndipo palibe kolowera, menyera moyo wako, lamulo lili mbali yako. Ukhozanso kuteteza mnzako kapena mwana amene ali pangozi yotero. Koma cholinga chikhale chimodzi basi: kuti utulukemo wamoyo. Mpata wochoka ukapezeka, choka. Mnzako akagwa, akataya chida kapena akathawa, siya pomwepo. Ngati wina wavulala, itanani thandizo ndipo kadzinenereni nokha kupolisi, chifukwa khoti limayang'ananso zomwe munachita ndewu itatha. Ndipo musanafotokoze zambiri, pemphani loya. Amene sangakwanitse kulipira akhoza kupita ku Legal Aid Bureau.

Palinso mbali ya McGlockton yomwe sitiyenera kuilumpha. Anatuluka kudzateteza banja lake, ndipo bambo aliyense angamvetse mtima umenewo. Koma anafikira kukankha asanafunse, osadziwa chomwe mnzakeyo wabisa m'chiuno. Akuluakulu anati mwamuna mnzako ndi pachulu, umalinga utakwerapo. Munthu wachilendo amene mukukangana naye pamsewu simudziwa chomwe wanyamula, kaya m'thumba kaya mumtima.

Pomaliza pake, Drejka anali ndi mfundo yoona pa nkhani ya malo a anthu aulumali, ndipo McGlockton anali ndi chifukwa chokwiyira poona mayi wa ana ake akukalipiridwa. Aliyense anali ndi kachilungamo kake. Lero wina ali m'manda, wina akugwira zaka 20, ndipo ana akukula opanda bambo chifukwa cha malo oimikapo galimoto kwa mphindi zochepa.