Magetsi a Dzuwa m'Nyengo ya Dzinja

M'phunziro lathu la lero tipita ku Silverest, m'boma la Chongwe, kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka. Munthu woyenda pa msewu waukulu wa Great East akafika kumeneko amaona nyumba zambiri zatsopano, ndipo pa madenga a zina mwa nyumbazo pali zinthu zakuda, zonyezimira ngati galasi. Zimenezi ndi mapanelo a sola, amene amasandutsa kuwala kwa dzuwa kukhala magetsi, kapena malaiti monga ambiri amanenera kuno kwathu.

Mapanelo otere anachuluka m'dziko muno makamaka m'chaka cha 2024. Mvula itakana m'dzinja la 2023 mpaka 2024, madzi anachepa kwambiri m'nyanja ya Kariba, ndipo pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho chinali tsoka la dziko lonse. Pakuti magetsi ambiri a dziko la Zambia amachokera ku mphamvu ya madzi, bungwe la ZESCO linayamba kugawa magetsi mosinthanasinthana, kotero kuti pofika mwezi wa Seputembala m'madera ena magetsi ankazima maola 20 kapena kuposa pa tsiku limodzi. Mabanja amene anali ndi kangachepe anagula sola.

Tsono dzinja likafika, m'nyumba zina mumamveka dandaulo. Mwana wakhala pa tebulo madzulo akulemba ntchito imene aphunzitsi anampatsa, ndipo nthawi ya 19 koloko isanakwane, nyali yazima. Atate ake ayamba kunena kuti panelo yafa, kapena kuti wogulitsa anawanyenga. Kodi n'zoona kuti mvula imapha sola? Tiyeni tione bwino nkhani imeneyi.

Panelo imadya kuwala

Choyamba muyenera kudziwa kuti panelo siigwira ntchito ndi kutentha kwa dzuwa, koma ndi kuwala kwake. M'kati mwa galasi lija muli timagawo tating'onoting'ono topangidwa ndi silikoni, chinthu chimene amachitenga ku mchenga. Kuwala kukagwera pa timagawo timeneti, magetsi amayamba kuyenda m'mawaya. Woyamba kuona kuti kuwala kungathe kutulutsa magetsi anali Edmond Becquerel wa ku France m'chaka cha 1839, ndipo m'chaka cha 1954 akatswiri a ku Bell Laboratories ku America anapanga timagawo ta silikoni toyamba totha kugwira ntchito yeniyeni.

Kutentha kwambiri kumaifooketsa panelo. Mphamvu yolembedwa kumbuyo kwake amaiyeza panelo ili pa madigiri 25. M'mwezi wa Okutobala, pamene denga la malata limatentha ngati chiwaya, panelo ingafike madigiri 60, ndipo pamenepo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 7 a mphamvu yake. M'miyezi yomweyo ya chilimwe fumbi la m'misewu ndi phulusa la moto wa m'tchire zimadetsa galasi lake, kuwala n'kumalowa movutikira.

Chotero dzinja limabweretsa zabwino zingapo. Mvula imatsuka fumbi lija popanda munthu kukwera padenga. Mphepo yake imaziziritsa panelo. Masiku nawonso amatalika, pakuti m'mwezi wa Disembala usana kuno umatenga pafupifupi maola 13, pamene m'mwezi wa Juni umatenga pafupifupi maola 11. Komanso kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale dzuwa la masana limaima pamutu penipeni. N'chifukwa chake tsiku limene kwacha bwino mvula itagwa usiku, panelo imagwira ntchito mokondweretsa ndithu.

Zimene mitambo imachita

Akulu anati walira mvula walira matope. Matope a munthu wa sola ndiwo mitambo. Mitambo yopyapyala imalola kuwala kwambiri kudutsa, ndipo panelo imapitiriza ntchito yake ngakhale dzuwa silikuoneka. Koma mitambo yakuda, yokuta thambo lonse, imachepetsa mphamvu ya panelo kufikira gawo limodzi mwa magawo 4, mwinanso limodzi mwa magawo 10.

Mvula ya mabingu, yogwa masana kwa ola limodzi kapena awiri, siivuta kwenikweni, chifukwa panelo imakhala itagwira kale ntchito m'mawa. Wovuta ndi mvumbi, mvula ija yowaza pang'onopang'ono masiku atatu kapena anayi osaleka, imene timaiona kawirikawiri m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale. Masiku amenewo panelo imatulutsabe magetsi, koma ochepa kuposa amene banja limadya.

Batire ndi nkhokwe

Panelo siisunga magetsi. Ntchito yosunga ndi ya batire, ndipo batire tingaliyerekeze ndi nkhokwe: masana panelo imathiramo, usiku banja limatapamo. Tengani mapensulo anu tiwerengere pamodzi chitsanzo ichi.

Mphamvu ya magetsi timaiyeza m'mawati. Tiyeni tinene kuti wati imodzi yogwira ntchito ola limodzi ili ngati chikho chimodzi cha chimanga. Panelo ya mawati 100 ikalandira dzuwa labwino maola 5 imakolola zikho 500. Zina zimatayika m'mawaya ndi m'batire momwemo, motero tinene kuti m'nkhokwe mumalowa zikho 400.

Tsopano taonani zimene banja limatapa. Nyali zitatu za mawati 5 iliyonse zikayaka maola 4 zimadya zikho 60. Mafoni awiri amadya zikho 20. Wailesi ya kanema ya mawati 40 ikaonetsa maola 3 imadya zikho 120. Zonse pamodzi ndi zikho 200. Tsiku la dzuwa palibe vuto, pakuti zolowa ndi 400 ndipo zotuluka ndi 200.

Tsiku la mvumbi panelo ija ingakolole gawo limodzi lokha mwa magawo 5, ndiko kuti zikho 80. Banja likatapa zikho 200 monga mwa masiku onse, nkhokwe imatsika ndi zikho 120 tsiku lililonse. Tinene kuti batire lawo limasunga zikho 720. Batire la mtundu wakale, lija lolemera la mtovu ndi asidi, siliyenera kutsika kupitirira theka, chifukwa likatero kawirikawiri limafa msanga. Chotero zikho zimene banja lingatape ndi 360 zokha, ndipo zimenezi zimatha m'masiku atatu. Madzulo a tsiku lachinayi nyali zimangoyaka kanthawi kochepa n'kuzima.

Wozimitsa nyalizo ndi kabokosi kotchedwa kontirola, kamene kamakhala pakati pa panelo ndi batire. Kakaona kuti batire latsika kwambiri, kamadula magetsi kuti kaliteteze. Anthu ena akakwiya amalumikiza mawaya ku batire mwachindunji, kulambalala kontirola. Amapeza kuwala kwa usiku umodzi, koma amafupikitsa moyo wa batire, limene mtengo wake ndi waukulu. Mabatire atsopano a lithiamu amalola kutapa zambiri kuposa theka, koma nawonso ndi nkhokwe yokhala ndi malire.

Tsono werengerani kachiwiri, mutachotsa wailesi ya kanema. Nyali zikho 60, mafoni zikho 20, zonse pamodzi 80. Zolowa ndi zotuluka zafanana. Banja limene lingadzimane kanema masiku a mvumbi lidzakhala ndi nyali usiku uliwonse, ndipo mwana uja adzamaliza ntchito yake ya kusukulu.

Kusamala sola m'dzinja

Pali zinthu zina zimene mungawakumbutse makolo anu. Panelo iikidwe mopendekeka pang'ono, moyang'ana kumpoto, chifukwa dziko lathu lili kummwera kwa mzere wa ikweta ndipo miyezi yambiri ya chaka dzuwa limadzera chakumpoto. Kupendekekako kumathandizanso kuti madzi atsetsereke ndi kutenga zinyalala. Panelo yogonekedwa chagada imasunga madzi ndi matope m'mphepete mwake.

M'dzinja mitengo imaphuka masamba ambiri, ndipo nthambi imene inalibe mthunzi m'chilimwe ingaphimbe panelo. Timagawo ta m'panelo n'tolumikizana ngati mikanda pa ulusi umodzi, kotero kuti mthunzi wogwera pa ngodya imodzi yokha ungachepetse mphamvu ya panelo yonse. Nthambi zotere zidulidwe. Ntchito zodya magetsi ambiri, monga kutchaja mafoni, zichitike masana pamene panelo ikukolola. Batire ndi kontirola zikhale pamalo ouma, osadontha, ndi opita mphepo.

Inu ana, musakwere padenga, makamaka likakhala lonyowa, ndipo musakhudze mawaya ndi manja amadzi. Kukamachita ziphaliwali, khalani kutali ndi mawaya onse. Ntchito yoika ndi kukonza sola ndi ya munthu amene anaiphunzira, amenenso amadziwa kulumikiza waya wopita m'nthaka woteteza nyumba ku mphenzi.

Dzuwa ndi mvula zimathandizana

Musaiwale kuti mvula imene imaphimba panelo yanu ndi yomwe imadzaza mitsinje ya Zambezi ndi Kafue, kumene kuli makina opanga magetsi a ku Kariba ndi ku Kafue Gorge. Chaka cha chilala madzi amachepa koma dzuwa limachuluka. Chaka cha mvula yabwino madzi amabwerera. N'chifukwa chake dziko lathu layamba kugwiritsa ntchito zonse ziwiri. M'chaka cha 2019 anatsegula malo akuluakulu a sola otchedwa Bangweulu ndi Ngonye kummwera kwa Lusaka, ndipo m'chaka cha 2025 anatsegula ena a mamegawati 100 ku Chisamba.

Ntchito ya m'kalasi

Aphunzitsi, pezani nyali yaing'ono ya sola, ndipo muziiika panja pamalo amodzimodzi tsiku lililonse kwa sabata ziwiri. Ana ajambule tchati, ndipo tsiku lililonse alembepo ngati kunali dzuwa, mitambo yopyapyala, kapena mvumbi. Madzulo mphunzitsi ayatse nyaliyo kufikira itazima yokha, ndipo m'mawa auze kalasi maola amene inayaka. Pakutha pa sabata ziwirizo ana afananize maola ndi nyengo, ndi kufotokoza okha zimene apeza.

Mafunso

1. Kodi panelo imagwira ntchito ndi kuwala kapena kutentha?
2. Tchulani zabwino ziwiri zimene dzinja limachitira panelo.
3. Nyali ziwiri za mawati 5 iliyonse zikayaka maola 5 zimadya zikho zingati?
4. Kodi ntchito ya kontirola ndi yotani?
5. Banja lichite chiyani mvumbi ukatenga masiku atatu?

Mukafika kunyumba lero, wafotokozereni makolo anu masamu a zikho aja, ndipo muwerengere nawo pamodzi nyali ndi zipangizo za m'nyumba mwanu. Tsalani bwino mpaka tidzakumanenso m'phunziro lotsatira.