Mphepo ya m'migodi ya malasha ndi masamu a kompyuta

Abale otsogolera makalasi a kuwerenga, ena mwa inu muli ndi ophunzira amene atate awo kapena amalume awo ankalowa pansi ku Moatize. Akuluakulu kumeneko sanaiwale za Chipanga. Mu 1976 mgodi wa Chipanga 6 unaphulika, ndipo pa 2 Ogasiti 1977 unaphulikanso wa Chipanga 3, anthu 64 nafera pansi. Kodi chimaphulika n'chiyani?

Malasha akamakumbidwa amatulutsa mpweya wa methane, umene amigodi kwathu kuno amati grisu, potengera Chipwitikizi. Suoneka, sununkha, ndipo popeza ndi wopepuka umaunjikana kudenga. Ukakwana magawo 5 mpaka 15 pa 100 a mpweya wonse, kamoto kakang'onong'ono n'kokwanira. Fumbi la malasha limayakira pomwepo, ndipo opulumuka moto amaphedwa ndi utsi wa carbon monoxide.

Mankhwala ake ndi mphepo. Makina aakulu okupiza amakoka mpweya woipa pakhomo lina, wabwino nulowa pakhomo lina. Koma mphepo ili ngati madzi a m'ngalande za kudimba: imathamangira njira yaifupi ndi yotakasuka, nisiya youma yakutali. Tsono kutali komweko ndiye kumene anthu akukumba!

Mu 1854 Mngelezi wina, John Atkinson, analongosola lamulo lake. Ukafuna kuwirikiza kawiri mphepo yodutsa m'njira imodzi, uyenera kukankha kanayi, ndipo mphamvu ya makina ifunika kasanu ndi katatu. Kuwerengera njira imodzi n'kosavuta. Mgodi uli ndi njira mazana zolumikizana, ndipo ukatseka imodzi zonse zimasintha. Hardy Cross wa ku America anaonetsa mu 1936 kachitidwe kake: uyerekeze chiwerengero, uone pamene walakwa, ukonze, ubwerezenso, mpaka mphepo yolowa pamphambano iliyonse ifanane ndi yotuluka. Ndi pensulo ntchitoyi inkadya masiku. Kompyuta imaitha munthu asanameze malovu.

Motero injiniya amajambula mgodi wonse m'kompyuta, utali ndi kukula kwa njira iliyonse, zitseko ndi makina, nayamba kuifunsa. Magetsi akazima, grisu adzayamba kudzaza kuti? Moto ukabuka apa, utsi udzalowera kuti, nanga anthu athawire mbali iti? Amayesa zonsezi popanda kutsitsa mwana wa munthu pansi.

Komabe ine sindiikhulupirira kopitirira. Kompyuta imadziwa zokhazo zimene yauzidwa. Ngati denga lagwa kapena wina wasiya chitseko pululu, iyo idzanenabe kuti zonse zili bwino, pokhapokha munthu atatsika ndi choyezera, nawerenga manambala, nawalemba molondola. Wogwira choyezeracho ayenera kukhala wodziwa kuwerenga.

Kuyambira 2011 malasha ambiri a ku Moatize amakumbidwa poyera, ndipo nkhawa yaikulu yasanduka fumbi lopita kumidzi. Nalonso amaliwerengera pa kompyuta, potsata kumene mphepo imaombera.

M'kalasi yesani izi: lembani 2, 4 ndi 8 pabolodi, kenaka funsani ophunzira kuti mphepo itawirikizidwa katatu manambalawo adzakhala ati. Yankho ndi 3, 9 ndi 27.