Sewero la papepala ndi theka chabe: zomwe zisudzo zimaphunzitsa za Chichewa

Mawu oti "sewero" ali ndi tsoka lake. Amachokera ku mneni "kusewera", ndipo kusewera ndi zija amachita ana akamaumba ng'ombe zadothi kapena akamaphika masanje. Ndiye mwana wa Fomu 3 akafika kunyumba mochedwa n'kunena kuti "timakonzekera sewero", kholo lomwe lagulitsa mtedza kuti lipeze fizi limangomva kuti mwanayo amataya nthawi. Nawo mawu oti "zisudzo" sathandiza kwenikweni, chifukwa ambiri akawamva amakumbukira nthabwala za Izeki ndi Jakobo, zoti tiseke basi n'kumapita.

Koma kwa ife okonda kusanthula chiyankhulo, zisudzo ndi phunziro lolemera. Ndi malo amodzi mwa malo ochepa kusekondale komwe wophunzira amakumana ndi Chichewa chathunthu, osati mbali yake yolembedwa yokha.

Pomwe zisudzo zili m'sukulu zathu

Kupulayimale ana amalawako zoyimba, zovina ndi zisudzo m'phunziro la Expressive Arts. Akafika kusekondale, ambiri amakumana ndi sewero kudzera m'makomo awiri. Khomo loyamba ndi mabuku a mayeso a MSCE, monga masewero a Shakespeare, Romeo and Juliet kapena Macbeth, pamodzi ndi zolembedwa za m'Chichewa. Apa wophunzira amaloweza mawu monga mtengambali, tsatanetsatane wa nkhani ndi pampondachimera, kenaka amakayankha mafunso. Khomo lachiwiri ndi kalabu ya zisudzo yomwe imakumana akaweruka.

Kalabuyi si yopeputsa. Mpikisano wa masewero wa ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, wakhala ukusula akatswiri kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Du Chisiza Jr anayamba kudziwika kudzera mumpikisanowu ali pasukulu ya HHI ku Blantyre, ndipo m'chaka cha 1987 anayambitsa gulu la Wakhumbata. Komabe cholinga cha ATEM n'kukweza Chingerezi. Zotsatira zake n'zakuti m'mitu mwa ophunzira ambiri mwakhazikika maganizo oti sewero lozama limakhala la Chingerezi, pomwe la Chichewa ndi loseketsa chabe. Ndipo sewero la Chichewa likamaphunzitsidwa m'kalasi, nthawi zambiri limawerengedwa ophunzira ali chikhalire pamadesiki, ngati nkhani yaifupi. Apa ndi pomwe pali vuto, chifukwa zambiri zomwe Chichewa chimanena sizioneka papepala.

Kamvekedwe ka mawu

Malamulo a kalembedwe ka Chichewa, omwe bungwe la Chichewa Board linatulutsa koyamba mu 1973, salemba kukwera ndi kutsika kwa liwu. Tonse timadziwa chitsanzo cha "mtengo" wa mango ndi "mtengo" wa sopo: zilembo n'zofanana, koma pa woyambawo liwu limakwera pa phatikizo la "te", pomwe wachiwiriwo umatchulidwa motsika ponseponse.

Mumneni nkhaniyi imakula. Tiyerekeze kuti m'sewero muli mlandu pabwalo la amfumu, ndipo bambo yemwe akudandaulidwa akuti:

"Ndimathandiza pakhomo pano."

Akakweza liwu pa "ndi", akutanthauza kuti kuthandiza ndi khalidwe lake la masiku onse, mpaka lero. Akayamba motsika n'kukwezera pa "tha", akunena zomwe ankachita nthawi ina yomwe yadutsa. Woyambayo akudziteteza ndi mbiri yake yonse, wachiwiriyo akungofotokoza komwe anali. Wowerenga chamumtima atha kudumpha osazindikira kuti pali matanthauzo awiri. Mtengambali sangadumphe. Ayenera kusankha limodzi, ndipo kuti asankhe bwino ayenera kumvetsa sewero lonse. Chimodzimodzinso "Takhala pansi": atha kukhala mayi akulamula mwana, kapena gulu la alendo likunena kuti lapeza pokhala. Mpumiro, mfunsiro ndi mfuuliro sizikwanira kusiyanitsa zonsezi.

Iwe, inu ndi ulemu

M'kalasi la galamala timaphunzira kuti "iwe" ndi mlowam'malo wa munthu mmodzi, "inu" ndi wa anthu ambiri kapena wa ulemu. N'zoona, koma pabwalo la zisudzo mpamene mphamvu ya mawu awiriwa imaonekera. Taonani kukambirana uku:

Mkazi: Abambo a Chikondi, mwabwera nazo ndalama zija?
Mwamuna: Ndakuuzani kale kuti abwana sanatilipire.
Mkazi: Iwe, usandiyese mwana.

Palibe chomwe chasweka, palibe yemwe wamenyedwa, koma oonerera onse adziwa kuti banjali lafika pena. Kuchoka pa "abambo a Chikondi" kufika pa "iwe" ndi chochitika chachikulu kuposa kumenyetsa chitseko. Mukati mumasulire mzere umenewu m'Chingerezi, momwe "you" amagwira ntchito zonse ziwiri, chochitikacho chimazimirira. Zimathekanso mwa njira inayo: kholo likatchula mwana wake wamng'ono kuti "inu achimwene" ndi liwu lozizira, si ulemu umenewo, n'chenjezo.

Ulemu sukhala m'mawu mokha ayi. Mkamwini poyankhula ndi apongozi ake aakazi amakhala chapatali, nkhope atayang'ana kumbali. Mwana popereka madzi kwa akulu amagwada kapena kunjuta. Wophunzira yemwe akusewera mbali ya mkamwini n'kumayang'ana apongozi m'maso, ngakhale atchule mawu onse molondola, walakwitsa chiyankhulo.

Mvekero

Pa mitundu yonse ya mawu, mvekero ndiwo umazunzika kwambiri papepala. "Anangoti kukamwa yasa." "M'nyumba monse munali zii." "Maso ali psuu." Mawu ngati amenewa amatchulidwa ndi thupi lonse. Liwu limatalika kapena kudukizika, dzanja limayenda, nkhope imasintha. "Zii" wa zilembo zitatu sanena kutalika kwa bata, koma mtengambali amatha kumukoka mpaka holo yonse itakhaladi chete. Wophunzira yemwe waloweza kuti mvekero ndi mawu oonetsa mamvekedwe, maonekedwe kapena mchitidwe wa chinthu akhoza mayeso. Yemwe wautchula pamaso pa anzake 200 n'kuona akudzidzimuka ndiye wadziwa ntchito yake.

Chichewa chake chiti?

Polemba chimangirizo, mphunzitsi amafuna Chichewa chovomerezeka. M'sewero zinthu zimasiyana. Kondakitala wa minibasi ya ku Ndirande sangayankhule ngati mlaliki, ndipo agogo a ku Kasungu sanganene kuti "zili bho, aise". Wophunzira akamalemba sewero amakakamizika kutchera khutu: ndani amati "madala" ndi "masteni", ndani amati "bambo" ndi "mayi"? Ndani amasakaniza Chingerezi pofuna kudzionetsa, ndipo ndani amasakaniza chifukwa mawu a ntchito yake ali m'Chingerezi? Ndani amayankhula mwa miyambi ndi zining'a pofuna kudzudzula popanda kutchula dzina? Amenewa ndi mafunso omwe ofufuza za chiyankhulo ndi chikhalidwe amalimbana nawo kuyunivesite, koma mwana wa Fomu 2 atha kuwayamba ndi kope ndi cholembera pamsika. Masewero a pawailesi ya MBC monga Kapalepale ndi Pamajiga, komanso a gulu la Kwathu, anakondedwa chifukwa anthu ankamvamo mayankhulidwe awo enieni.

Oonerera nawo ndi atengambali

Sewero lochokera ku Ulaya kawirikawiri limafuna kuti oonerera akhale chete mpaka kumapeto. Mwambo wathu wa nthano suli choncho. Wokamba akati "Padangokhala", omvera amayankha "Tili tonse", ndipo popanda yankho limenelo nthano siyenda. Gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College, momwe munali akatswiri monga Chris Kamlongera ndi David Kerr, linagwiritsa ntchito nzeru imeneyi m'zaka za m'ma 1980 pochita zisudzo za chitukuko m'midzi. Atengambali ankatembenukira kwa anthu n'kuwafunsa maganizo, anthuwo n'kumayankha, nkhani ya madzi kapena matenda n'kukambidwa pomwepo. Luso lofunsa gulu funso loti liyankhe, kudikira, n'kulumikiza yankholo ndi nkhani, ndi lomwe amafunika nalo mphunzitsi, namwino, mlangizi wa zaulimi ngakhalenso loya. Limeneli ndi yankho labwino kwa kholo lofunsa kuti zisudzo zidzamudyetsa chiyani mwana.

Poyambira

Sukulu siyenera kudikira holo, magetsi kapena zovala zapadera. Pansi pa mtengo pakwana. Tengani tsamba limodzi la sewero lomwe mukuwerenga, mugawane mbali, ndipo muimirire. Sankhani mzere umodzi, anthu atatu autchule mosiyana, kenaka kalasi ikambirane kuti tanthauzo lasintha pati. Sinthani "inu" aliyense akhale "iwe" muone chomwe chichitikire ubale wa atengambaliwo. Chotsani mvekero yense mumve momwe nkhani ikuzizirira. Ndipo ngati muli ndi foni, jambulani mawuwo mumvetserenso mawa lake. Mupeza kuti zambiri zomwe munamva sizinalembedwe paliponse patsambalo.