Kamera Yajambula Wakuba, Koma Nkhope Sikuoneka: Vuto Lili Pati?

Masiku ano makamera achitetezo ali paliponse: m'mabanki, m'masitolo, pamalo omwetsera mafuta, ngakhale m'masukulu ena. Ambiri amatumiza zithunzi kudzera pa netiweki, moti mwini sitolo amatha kuona zonse ali kunyumba, pafoni basi. Koma tsiku loti katundu wabedwa, anthu akathamangira kukaona zomwe kamera yajambula, kawirikawiri amapeza chimbuuzi chokhachokha. Munthu akuoneka, inde, koma nkhope yake ayi. Umboni wotere suthandiza apolisi, ndipo choopsa n'chakuti wosalakwa atha kunamiziridwa chifukwa chongofanana msinkhu ndi wakubayo.

Ambiri amangoti, "Kamerayi ndi yachabechabe, tigule ina." Dikirani kaye. Chithunzi chimayenda ulendo: kuwala kumalowa pa lenzi, kumagwera pa sensa, kumasanduka manambala, kenako manambalawo amadutsa m'chingwe kukafika pa makina osungira. Vuto lililonse lili ndi malo ake paulendowu, ndipo maonekedwe a chithunzicho ndi amene amakulozerani malowo. Fizikisi ya m'kalasi ija, ntchito yake ndi imeneyi.

Chimbuuzi usana ndi usiku womwe

Yambani ndi galasi lakutsogolo. Fumbi, zidindo za zala komanso nthunzi yomwe yaundana m'kati zimamwaza kuwala kusanafike pa sensa. Pukutani ndi kansalu kofewa, osati pepala kapena malaya, chifukwa zimakanda. Ngati galasi lili loyera koma chimbuuzi chikadalipo, ndiye kuti lenzi sikusonkhanitsa kuwala pa sensa penipeni. Mukukumbukira convex lens ndi sikirini mu labu? Mukasuntha sikirini pang'ono chabe, chithunzi chimasokonekera. N'chimodzimodzi apa: kamera ikufunika kukonzedwa fokasi.

Masana chili bwino, usiku chaipa

Apa vuto ndi kuchepa kwa kuwala. Kamera ili ndi njira ziwiri zodzithandizira, ndipo zonse zili ndi mtengo wake.

Yoyamba ndi kukulitsa mphamvu ya timagetsi tochokera pa sensa. Tsoka lake, imakulitsanso tizisokonezo tomwe timakhalamo kale, n'chifukwa chake chithunzi chimaoneka ngati chathiridwa mchenga. Zili ngati kukweza wailesi yomwe sikugwira bwino siteshoni: mawu amakwera, phokoso nalonso limakwera.

Yachiwiri ndi kutalikitsa nthawi yolandira kuwala pa chithunzi chilichonse, yomwe imatchedwa shutter speed. Tiyeni tiwerengere. Munthu woyenda mamita 1.5 pa sekondi, kamera ikatenga 1/25 ya sekondi, amakhala atasuntha masentimita 6. Akamathamanga mamita 5 pa sekondi amasuntha masentimita 20, kuposa kufutukuka kwa nkhope yake! Khoma ndi geti zimaoneka bwinobwino popeza sizikuyenda, koma munthuyo amangooneka ngati mzukwa. Pa 1/250 ya sekondi, woyenda uja amasuntha mamilimita 6 okha, koma kuwala kolowa kumachepa kakhumi. Mwaona? Mankhwala enieni ndi kuika babu lowala pamalopo.

Chifunga choyera usiku

Maso athu amaona kuwala kwa pakati pa mananomita 400 ndi 700. Makamera ambiri ali ndi timababu totulutsa infrared wa mananomita 850, yemwe sensa imaona koma ife ayi. Kuwala kumeneku kumachepa mofulumira ndi mtunda: mtunda ukawirikiza kawiri, kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Choncho chinthu chomwe chili pa mita imodzi chimalandira kuwala kochuluka ka 100 kuposa munthu amene ali pa mamita 10. Khoma lapafupi, tsamba la mtengo kapena ulusi wa kangaude zimabweza kuwalako m'lenzi. Kamera imaganiza kuti kwawala kwambiri, imadzichepetsera, ndipo kutali konse kumada bii. Chotsani ulusiwo, dulani nthambiyo, kapena tembenuzani kamera kuti khoma lisalowe m'chithunzi.

Masana infrared amatsekedwa ndi kagalasi kosefa komwe kamasuntha m'kati mwa kamera. Kakakakamira osabwerera pamalo pake, zithunzi zamasana zimaoneka zofiirira ngati pinki.

Munthu wakuda ngati mthunzi, kapena mizere yoyenda

Kamera yoyang'ana pakhomo kuchokera m'kati imakumana ndi dzuwa kumbuyo kwa wolowayo. Sensa singakwanitse kuwala kwambiri ndi mdima nthawi imodzi. Yatsani WDR m'masetingi, apo ayi sinthani komwe kamera yaloza.

Nanga mizere yoyenda pachithunzi magetsi akayatsidwa? Magetsi a kuno kwathu ndi a 50 Hz, ndipo mababu ena, monga machubu aja, amaphethira ka 100 pa sekondi. Maso sazindikira, koma kamera yomwe yasiyidwa pa 60 Hz, monga mmene zilili ku America, imaonetsa mizere. Isintheni ikhale pa 50 Hz, nkhani yatha.

Timabokosi ndi kudukizadukiza

Izi si za kuwala, ndi za netiweki. Vidiyo imapanikizidwa ndi njira monga H.264 kapena H.265 kuti isadye malo ambiri. Ikapanikizidwa mopyola, tinthu ting'onoting'ono timatayidwa, makamaka pomwe pali choyenda. Kwezani bitrate. Dziwaninso kuti kamera imatumiza mavidiyo awiri, wamkulu ndi wamng'ono, ndipo foni nthawi zambiri imaonetsa wamng'onoyo kuti isamalize bandulo. Onani pa makina osungira musanaweruze.

Chingwe cha netiweki chisapitirire mamita 100. Makamera ambiri amalandiranso magetsi kudzera m'chingwe chomwechi. Chikakhala chachitali kapena chosalimba, mphamvu imatayika m'njira, ndipo kamera imatha kumazima usiku timababu ta infrared tikayaka, chifukwa ndi nthawi imene imafuna mphamvu zambiri.

"Kulitsani chithunzicho!"

M'mafilimu amakulitsa kadontho mpaka nkhope kuoneka. Limenelo ndi bodza. Kamera ya 1080p ili ndi mapikiselo 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi, basi. Ikamaona bwalo lotambalala mamita 20, mita iliyonse imapeza mapikiselo 96, ndipo nkhope ya masentimita 16 imapeza pafupifupi 15 okha. Akatswiri amawerengera mapikiselo 250 pa mita kuti munthu wachilendo azindikirike, kutanthauza kuti kamerayi isaone malo opitirira pafupifupi mamita 8. Zomwe sensa sinajambule, palibe kompyuta ingazibweze. N'chifukwa chake kamera imodzi yolunjika pageti imaposa yoona bwalo lonse.

Chitani ngati wasayansi

Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, jambulani chithunzi musanasinthe ndi mutasintha, ndipo yesani usiku munthu akuyenda, osati pabwalo lopanda kanthu.

Nayi ntchito ya lero. Lozani rimoti ya TV pa kamera ya foni n'kudina batani. Mafoni ambiri amaonetsa kuwala kwa infrared komwe maso anu sakuona. Kenako jambulani mnzanu akugwedeza dzanja panja masana, mubwerezenso m'nyumba madzulo. Fananizani zithunzi ziwirizo, ndipo mufotokoze kusiyana kwake pogwiritsa ntchito shutter speed.